Mmene mungakhalire mlembi wotchuka ku Mzimba osalemba kanthu

Adada a ku Engutwini, inu amene mwauza aliyense pa depoti ya ku boma kuti muli ndi buku m'mutu, landirani malangizo awa. Ndi aulere. Cholinga chake n'chakuti bukulo likhalebe m'mutu momwemo, kumene chiswe, mvula ndi owerenga sangalipeze.

Yambani ndi kope. Lopyapyala la ana a kupulayimale ayi, limenelo munthu atha kulidzaza mwangozi. Gulani lachikuto cholimba, lija amalembamo a banki m'khonde. Patsamba loyamba lembani dzina lanu, chiwongo, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Patsamba lachiwiri thokozani onse amene adzakuthandizeni. Mukafika polemba "Mutu 1" dulani mzere kunsi kwake, tsekani, kasambeni. Lero mwagwira ntchito. Pakapita miyezi iwiri mayi a kunyumba adzayamba kulembamo ngongole za tomato, agogo n'kumang'amba masamba akumbuyo popichirira chingambwe. Musakwiye, kope lanu layamba kutumikira anthu.

Kenaka sungani kalendala bwino. Dzinja simungalembe, pali kupalira, kubandira ndi kuthamangira feteleza. Epulo ndi Meyi n'kukolola. Juni ndi Julayi mukudziwa nokha mphepo ya ku Mzimba, zala zimakana cholembera koma kapu ya tiyi zimaigwira bwinobwino. Ogasiti ndi wa Umthetho ku phiri la Hora, ndipo kumeneko mupite ndithu: ingoma, nyama ndi masese zonsezo muzizitcha kafukufuku. Okutobala kukutentha. Disembala anyamata a ku Joni afika ndi galimoto zokoka ngolo, ndiye mlembi ayenera kukhala nawo pa Jenda kuti amve nkhani. Kwatsala Sepitembala ndi Novembala; wina ndi wa maukwati, winayo ngwodikira mvula.

Wina akakufunsani kuti buku lili pati, lozani kum'mawa. Nkhalango ya Chikangawa, mahekitala oposa 50,000 a paini, idadzalidwa ndi cholinga chakuti dziko lino lizipanga lokha mapepala. Fakitale ya mapepalayo siidamangidwe, mitengo yambiri idathera ku matabwa ndi ku moto. Inu ndinu ndani kuti muthamangire kulemba pa pepala lochokera kunja? Nenani kuti mukudikira pepala la kwanu. Ameneyo adzakutamani kuti ndinu wokonda dziko lanu.

Tsono pali anthu ena a boma lino amene mbiri yawo muyenera kuipewa, chifukwa imasowetsa tulo. Woopsa kwambiri ndi malemu Desmond Dudwa Phiri. Bamboyu adabadwira ku Mzimba konkuno mu 1931, n'kukamwalira mu 2019, ndipo pakati pa zaka ziwirizo sadaonetse khalidwe la mlembi weniweni ngakhale pang'ono. Sankadikira kuti mzimu wolemba umugwere. Digiri ya zachuma ya ku University of London adaipeza pophunzira kudzera pa positi, munthu akuwerenga yekha pambuyo pa ntchito. Mu 1976 adatsegula sukulu yakeyake yophunzitsa pa makalata, Aggrey Memorial School, ku Blantyre. Ntchito yonseyo ili apo, iye n'kumalembabe: sewero la The Chief's Bride, buku la From Nguni to Ngoni, mabuku awiri a History of Malawi, mbiri za John Chilembwe, Inkosi Gomani II, Dunduzu Chisiza ndi James Sangala, kuphatikizapo timabuku ta m'Chitumbuka. Ngati zimenezo sizidakwane, sabata ndi sabata ankatumiza nkhani ku nyuzipepala ya The Nation mpaka atadutsa zaka 80. Taganizani! Sabata iliyonse, kaya kwazizira kaya kuli maliro, mkonzi akudikira ndipo nkhani ikufika. Umenewo ndi ulembi kapena ndi ganyu? Munthu wotere amawonongera anzake msika, chifukwa anthu amayamba kuganiza kuti mlembi ndi munthu amene amalemba.

Mwa anthu amene D.D. Phiri adalemba mbiri yawo muli m'busa Charles Chinula, nayenso wa kuno, nayenso wosamvera malangizo. Adapeka nyimbo zimene mpaka lero zili m'buku la Sumu za Ukhristu, ndipo adamasulira m'Chitumbuka buku la John Bunyan la The Pilgrim's Progress. Analibe kompyuta, analibe sola, koma nyali ndi inki. Mwini bukulo, Bunyan, adaliyambira m'ndende ku Bedford. Anthu osadziwa kudikira nthawi yabwino.

Matenda a kulembawa adafala kwambiri pa Embangweni. Donald Fraser atakhazikitsa mishoni ya Loudon mu 1902 ankachititsa mipikisano ya nyimbo zatsopano chaka ndi chaka. Tsiku linkadziwika, anthu ankabwera kuchokera m'midzi, ndipo wopeka ankayenera kufika ndi nyimbo yotha, yoti kwaya iyimbe. Mawelera Tembo, Peter Thole ndi anzawo adagwa m'msampha umenewu, n'chifukwa chake zopeka zawo zikuyimbidwabe patapita zaka zoposa 100. Apa phunzirani chinthu chachikulu: musadzalole munthu aliyense kukuikirani tsiku. Mkonzi, mphunzitsi, mnzanu wa kukwaya, aliyense wonena kuti "Lachisanu ndione masamba atatu" ndi mdani wa luso lanu. Muyankheni kuti luso salithamangitsa.

Adzabweranso ena ndi mwambi wakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Awerengereni masamu ake kuti aone kuopsa kwake. Tsamba limodzi patsiku, lolembedwa m'mamawa ng'ombe zisanatuluke m'khola, pakutha pa chaka ndi masamba 365. Limenelo ndi buku lathunthu. Ndiye likatha? Anthu aliwerenga. Alamu anu apezamo zolakwa. Aphunzitsi opuma ntchito alitenga ndi cholembera chofiira. Pamene buku la m'mutu lilibe cholakwa ndi chimodzi chomwe, ndipo chaka chilichonse limakomerakomera.

Nkhani ya chilankhulo ndiyo ingakusungeni zaka khumi osagwira cholembera. Kodi mulembe m'Chitumbuka chimene mumayankhula pakhomo, m'Chichewa chimene mudaphunzira kusukulu, kapena m'Chingerezi kuti a ku London akudziweni? Kumbutsani anthu kuti mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi, chidabwereranso mu 1994. Zimenezo n'zoona ndipo zidapweteka anthu ambiri. Kwa inu zikhale pobisalira. Mkangano ukayamba kuzirala, lengezani kuti Mngoni weniweni ayenera kulemba m'Chingoni, ndipo mukufuna muyambe mwachiphunzira.

Pa Facebook pokha musachite ulesi. Jambulitsani mutagwira chibwano, kumbuyo kuli shelefu ya mabuku a eni ake. Pangitsani chikuto, lembani kuti likutuluka posachedwa. Tsegulani gulu la alembi pa WhatsApp, sankhani wapampando, msungichuma ndi mlembi wa alembiwo, kambiranani za yunifolomu. Magetsi akazima dandaulani kuti akuphera luso, akayaka onerani mpira. Mukamva kuti bungwe la Malawi Writers Union lalengeza mpikisano, musatumize kanthu, koma opambana akatchulidwa nenani kuti zidakonzedwa kale.

Chotsala ndi agogo aja a kumudzi, amene amadziwa za Baza Dokowe ndi nkhondo ya pa Hora monga adamvera kwa agogo awo, amene amatchula mayina a midzi yakale ndi nyimbo za pa mtondo zimene ana a lero sazidziwa. Paja mudanena kuti buku lanu lidzachokera pakamwa pawo. Musawafunse chaka chino. Akadali ndi mphamvu, dzana lomweli amalima okha. Mukapite mukadzagula foni yojambula bwino mawu, ndalama za ku Joni zikabwera. Akatisiya musanafike, mudzalire mokweza kuposa onse pa siwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibenso amene adzayerekeze kukufunsani za buku.