Madzi odya sopo

Anthu othawa lendi ya m'tauni n'kukamanga kwawo ku Mpingu kapena ku Namitete amawerengera zonse, njerwa, malata, thiransipoti, koma amaiwala kufunsa za madzi. M'tauni anazolowera madzi a Lilongwe Water Board ochokera ku madamu a Kamuzu ku Malingunde. Kuno mijigo ina imatulutsa madzi omwe adayamba acheza nthawi yaitali ndi miyala ya pansi, n'kutengako calcium ndi magnesium wambiri.

Woyamba kuzunzika ndi sopo. Mayi amakwecha malaya mpaka mikono kuwawa, thovu osaoneka, pamwamba pa beseni pangoyandama zoyerayera. Mtanda wa sopo womwe unkatha sabata watha Lachitatu, ndiye bambo wa pakhomo ayambe kafukufuku wa yemwe akuba sopo. Oganiziridwa oyamba, mwachizolowezi, ndi ana.

Nyemba nazo zimauma mutu. Mtolo wa nkhuni utha, izo zidakali gwa, chifukwa calcium yemweyo amalimbitsa khungu lake. Amayi a ku Nsaru ndi ku Kabudula sachita kufunsa wasayansi: kasoda pang'ono kapena chidulo, nkhani yatha. Ketulo mkati imayera ngati khoma lopakidwa laimu poyembekezera nduna, mpaka mutaiwiritsa ndi viniga kapena mandimu.

Madziwa sadwalitsa munthu ayi. Choncho apongozi akabwera n'kuyang'anitsitsa kachikopa kapamwamba pa tiyi, auzeni mwaulemu kuti ndi zolimbitsa mafupa, ndipo simukuwalipiritsa.