Galu Wamkota wa Matayala Anayi

Makolo athu anali alenje, ndipo ankadziwa kuti kagalu kakang'ono kamakumba paliponse, ngakhale pomwe pangodutsa buluzi. Koma galu wokalamba akaima pa una n'kuyamba kukanda, mlenje ankatula mtolo n'kugwira khasu. N'chifukwa chake anati galu wamkota sakandira pachabe. Lero uzimba unatha m'madera ambiri, koma agalu amkota sanathe. Ali ndi matayala anayi ndi chitseko chokoka cham'mbali, ndipo amagona pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba.

Ndikunena ma Sienta, ma Noah, ma Vanette ndi agogo awo a HiAce, amene mtundu wawo unayamba kupangidwa mu 1967. Ambiri anafika kuno atatopa kale ku Japan. Kumeneko galimoto imakayesedwa ikatha zaka 3, kenako pa zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako kumadya ndalama moti mwini wake amaona kuti bola kugulitsa. Ikatsika m'sitima ku Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe, n'kukwera chitunda cha Chiweta, nkhalamba yopuma pantchito ija imauzidwa kuti ntchito ikuyamba kumene. Sienta anaipangira anthu 7. Ife tinaona kuti anzathuwo masamu anawavuta, chifukwa sanawerengere matumba a chimanga, mbuzi, ndi mayi uja akuti atsikira pafupi pomwepa.

Eni ake a galimotozi ndi anthu a makutu. Yatsopano ikadwala imangoyatsa kanyali, ndiye mukafune mnyamata wa kompyuta kuti akumasulireni, mulipire musanamve n'komwe matenda ake. Yakale imanena yokha. Ikati gudugudu pa bampu, mwini wake amangogwedeza mutu n'kuti mabushi amenewo. Ikalira tswii m'mamawa, ndi fanibeluti. Ikati khokhokho pokhota, akudziwa kale tayala lomwe akavule. Palibe phokoso lopanda mutu wake. Tsiku lomwe yayenda mwakachetechete ndi limene amaimika pambali n'kutsegula boneti, nkhope ili yankhawa.

Kusiyana kwake n'kwakuti galu wa makolo akakanda ankatulutsa ndiwo. Uyu akakanda zimatuluka ndi ndalama, ndipo una wake ndi thumba lanu. Mphuno yakenso njakuthwa. Pakati pa mwezi, mulibe kanthu, amayenda bwinobwino. Malipiro akangolowa, kapena ikafika sabata ya fizi ya ana, mumva chinthu chayamba kulira pansi pa mpando.

Loweruka m'mawa mukawapeza eni akewo ku Malangalanga mu Lilongwe kapena mumsika wa Ndirande, atanyamula chitsulo chakuda cha oyilo m'jumbo. Wogulitsa masipeya amachitembenuza, kuchipukuta ndi chala, n'kuti, "Bwana, ichi chilipo, koma chosiyana pang'ono. Makaniko wanu akachisema chilowa." Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu oti "chilowa" anasanduka chikhulupiriro. Chosagulika chimawotcheredwa. Chokana kuwotcheredwa chimamangidwa ndi mphira wa chubu, ndipo mphirawo umatha zaka uli pomwepo, mwini wake akuutchulabe kuti ngongoyembekezera.

Mukawafunsa kuti bwanji osangogulitsa, amakuyang'anani ngati mwatukwana. "Achimwene, injini iyi sinatsegulidwepo." Zoona, sinatsegulidwepo. Chitseko chinachokera ku galimoto ina, giyabokosi ndi yachitatu, nyali yakumanzere siyofanana ndi yakumanja, koma injini ndi namwali. Mayi a kunyumba anasiya kale kulimbana nayo, amangoitcha mkazi mnzawo, poti ndi imene imadya koyamba.

Komabe ine sindiwaseka kwambiri anthu amenewa. Kukagwa maliro kumudzi, kapena pa tsiku la chinkhoswe, saluni yonyezimira ija imanyamula anthu anayi ndi fungo la perefyumu. Azakhali, miphika, nkhuni ndi kwaya ya amayi zimakwera mu nkhalamba yomweyi, ndipo ngakhale iime kawiri panjira kuti imwe madzi, imakafika mwambo usanathe.

Tsono mukapatsidwa lifiti, chitseko musakoke nokha, chili ndi kagwiridwe kake kodziwa mwini wake. Nsapato valani zolimba, chifukwa ikazima pachitunda okankha ndinu.