Apongozi a m'Kompyuta

Fordsburg, Johannesburg

Okondedwa alamu,

Ndatenga cholembera usiku uno, anzanga a m'chipinda muno atayamba kale kuliza mkonono, chifukwa zimene zandionekera m'masabata atatu apitawa, ndikapanda kuzitula kwa munthu wondidziwa, zidzanditupitsa mimba. Koma ndikupemphani mwaulemu kuti kalatayi mukaiwerengere kuseri kwa thandala la usipa, kutali ndi amayi, pakuti muli mawu amene mkamwini sayenera kumveka akuwatchula.

Ndapeza apongozi ena kuno. Bwana wathu, poona kuti anthu a makono safunanso kudzakhudza zofunda ndi mapoto m'sitolo, koma kuitanitsa pa foni ali chigonere, anagula pulogalamu ya pakompyuta yolandira maoda ndi kulongosola kayendedwe ka katundu. Ndipo atakumbukira kuti ine ndinalekezera Fomu 2, anandichotsa ku mabelo nandikhazika pamaso pa chinthucho kuti ndichiphunzitse njira za dziko lino. Dzuwa lisanalowe ndinazindikira kuti ndalowa chikamwini chachiwiri, pakuti chinthuchi sichikupenya m'maso, sichikweza mawu, ndiponso sichinena chimene chikufuna. Chimangoti duu, kenaka n'kutulutsa timawu tofiira pamwamba, monga muja apongozi amangotsokomola kukhitchini, iwe n'kudziwa wekha kuti denga la nkhokwe walifolera mokhota.

Ntchito yoyamba imene gogo wa m'kompyutayu anandipatsa inali yogawa dziko m'zigawo, zimene kuno amati mazoni, monga mwini mbumba agawira alongo ake madimba. Malo alionse ali ndi nambala yake ya ku positi: mkati mwa Johannesburg ndi 2001, kwa anthu olemera ku Sandton ndi 2196, ku Durban 4001, ku Cape Town 8001; ndipo chigawo chilichonse uyenera kuchilembera mtengo wake, wonyamula wake, ndi masiku amene katundu adzakhala ali m'njira. Wapafupi, akaitanitsa isanakwane 2 koloko masana, mnyamata wa njinga yamoto amam'fikitsira tsiku lomwelo; wakutali amadikira galimoto ya kampani masiku atatu kapena asanu; ndipo wouma manja amadzatenga yekha kusitolo, kapena timam'tumizira pa Paxi kuti akalandire ku sitolo ya PEP ya kufupi ndi kwawo.

Tsono safunsa anadya phula. Ine, pochita manyazi kufunsa, ndinaika Durban m'chigawo chimodzi ndi Fordsburg, ndipo apongoziwo, amene amakalipa ndikangoiwala kadontho kamodzi, pa cholakwa chachikulu chotere anangokhala chete, nalamula mnyamata wa njinga kuti akatule poto mmodzi kunyanja yamchere, ulendo wa makilomita oposa 500, dzuwa lisanapendeke. Mnyamatayo anabwera kudzandifunsa, chipewa chili m'manja, ngati ndili naye chifukwa. Kodi si momwemo, alamu, apongozi enieni? Amakuona ukulima munda wa eni ake kuyambira mbandakucha, osakuletsa, n'kudzaiulula nkhaniyo madzulo abale onse atasonkhana pa nsima.

Koma chimene chandithetsa nzeru ndi kayesedwe ka katundu. Gogoyu sakhulupirira sikelo yokha. Amafuna utali wa katoni, m'mimba mwake ndi msinkhu wake m'masentimita, achulukitse zitatuzo, agawe ndi 5000, ndipo chimene chatulukacho, chikaposa kulemera kwenikweni, ndicho amalipiritsa. Kotero kuti mapilo anayi, amene mwana angawasenze ndi dzanja limodzi, amalipira ngati mwala wa mphero. Ndinayesa kuwadandaulira kuti kwathu ndowa ya usipa ndi ndowa basi, wouma kapena wauwisi, koma mkamwini akamadandaula amamva ndi nkhuku zokha.

Loweruka, bwana atapita, ndinati ndiwayese nzeru apongozi angawa. Ndinalemba oda yabodza ya bulangete limodzi, ndipo pa malo a keyala ndinalongosola monga munthu aliyense wolongosoka angalongosolere: ukafika pa boma la Mangochi usawoloke mlatho wa Shire, utenge msewu wa ku Monkey Bay, utsike pa Makawa, ulunjike kunyanja, ndipo ukadutsa mlambe wong'ambika ufunse amayi ogulitsa mandasi. Anandiyankha ndi zofiira zokhazokha: nambala ya nyumba, dzina la msewu, nambala ya ku positi. Ndinaseka ndekha, pokumbukira kuti Ilala yayenda panyanja yathu chiyambire 1951, kutula anthu, mbuzi ndi matumba a ufa ku Nkhotakota, ku Likoma ndi ku Nkhata Bay, osafunsapo munthu nambala ya nyumba. Ndinayesa kuwaphunzitsa njira yonse, ya pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi pa Tete, Zobue mpaka Mwanza, koma pansi penipeni panali kabokosi kofunsa tsiku lofika, ndipo pamenepo zala zanga zinauma.

Funso lomwelo anandifunsa mlongo wanu pa foni Lamulungu lapitalo, ndipo ndinanamizira netiweki. Alamu, mvula yagwa katatu chichokere ine. Kamtsikana kaja ndinakasiya kali m'mimba, lero akuti kakuthamangitsa abakha kugombe, ndipo akakapatsa foni kamanditcha "bambo a ku Joni", monga ngati alipo ena a pakhomo. Sola ndi mabulangete awiri amene ndinapatsira wa transipoti uja mwezi wa June, kuti akafike mwera usanathe, mpaka lero sindikudziwa ali kuti. Kuno poto wa mlendo ndimamutsata pa kompyuta mpaka pakhomo pake, koma katundu wa ana anga ndilibe ngakhale kapepala, ndipo foni ya munthuyo ingolira osayankhidwa. Chonde mukapita ku boma mukafunse kwa abale ake, mofatsa, osati mwa mlandu, pakuti mwina wagwidwa m'njira.

Ndalama za mwezi uno zibwera pa Mukuru, koma zoperewera, chifukwa mwini nyumba wakweza lendi ndipo tagawana anthu asanu. Muyambe mwalipira fizi ya mnyamata wanga. Zotsalazo mugule pulasitiki wa padenga mvula isanayambe, malata adikire. Za ukonde umene munanena, sindingathe chaka chino, ndipo musandiyese wouma mtima. Amayi musawauze za kuperewerako. Mungowauza kuti mkamwini wawo wakwezedwa pa ntchito, ndipo tsopano amakhala pampando.

Mundilonjerere onse a pakhomo.

Ine mlamu wanu.