Make mbuu, mwana mbuu: mtedza wosadziwa ankhoswe

Akuluakulu akaona mwana wa chidakwa akudzandira amati make mbuu, mwana mbuu. Pa anthu mwambiwu umaphonya, poti ana ena a abusa timawapeza kumowa. Kumene sunama ndi m'minda ya mtedza ndi nyemba ya kwa Kapichila ku Lundazi. Duwa la mtedza limadzithira lokha mungu lisanatseguke n'komwe: palibe ankhoswe, palibe malowolo, mkwati ndi mkwatibwi ndi mmodzi yemweyo. Chimanga, chimene mungu wake umayendayenda ndi mphepo m'minda ya eni, sichingalumbire kuti bambo wa mwana ndani.

Tsono taonani mlimi wakhama pamphasa akuswa mtedza: njere zonenepa m'lichero, zofwapa kwa ana akakazinge. Ngati mbewu yake inali yosakanikirana, zaka zoyamba amapindula ndithu, chifukwa akusankha pakati pa mabanja osiyana. Likatsala banja limodzi, kusankhako kwasanduka kucheza chabe. Wilhelm Johannsen wa ku Denmark anazionetsa mu 1903 poyeza nyemba pasikelo: m'banja lochokera ku chomera chimodzi, ana a njere yaikulu ndi ana a njere yaing'ono ankalemera mofanana powatenga onse pamodzi. Kunenepa kwa make kunali kwa nthaka ndi mvula, ndipo manyowa sali m'gulu la chuma cha masiye. Chopweteka n'chakuti mbewu yodzikwatira simuisankha mbali imodzi. Mukakonda njere, mwatenga banja lonse ndi zilema zake. Mukataya banja lonyozeka, latenga zake zonse, mwina ndilo linkapirira ng'amba ya mu Febuluwale.

Wina ati, nanga mavenda safuna thumba la mtundu umodzi? Amafunadi, ndipo mtedza wofanana umakhwimira pamodzi, umakumbidwa tsiku limodzi. Kusasinthako n'kumenenso kumalola mlimi kubzala za m'nkhokwe, pamene wa chimanga cha haibulidi amapita kusitolo chaka ndi chaka. Zonsezi n'zoona. Koma nsabwe zofalitsa matenda a kadukutu nazo zimakonda munda wotere: make akapinimbira, mwana apinimbira, mpaka mzere womaliza.

Winanso ati, musade nkhawa, akatswiri a ku Msekera ku Chipata atipatsa mbewu ina, monga anachitira ndi MGV4 ndi MGV5. Atipatsadi, koma onani mmene amavutikira. Madzulo amagwada m'munda ndi kambaniro, kuchotsa mbali yachimuna ya duwa lisanadzikwatire, m'mawa n'kubwera ndi mungu wa mtundu wina. Ukwati wokakamiza, ankhoswe ake a madigiri! Ndipo mkwati samupanga ku ofesi. Amakamutapa ku mitundu imene wina anaisunga, yonga Chalimbana ndi tina topanda dzina papepala, timene agogo akukanira nato mumphika pamene adzukulu akuti n'tachikale.