Mdima, madigiri 20 ndi bafa limodzi

M'makanema a apolisi ofufuza milandu simulephera kukhala kachipinda kena kake: babu lofiira lili psuu, zithunzi zili lende pachingwe, ndipo nkhope ya chigawenga ikutulukira pang'onopang'ono m'mbale ya mankhwala. Kachipinda kameneka kanamiza anthu ochuluka. Babu lofiira limagwira ntchito posindikiza zithunzi papepala, chifukwa pepalalo kuwala kofiira silikuona. Filimu ya masiku ano imaona kuwala kwa mtundu uliwonse, ndipo ikangotuluka m'kachitini kake imafuna mdima wa ndiweyani, wopanda ngakhale kanyali ka tchaja ya foni.

Mmodzi mwa onamizidwawo ndi mkulu amene amalemba danga lino, bambo wokhala m'nyumba ya lendi, wa malipiro amene amatha mwezi uli pakati. Babu lofiira ndiye anayambira kugula. Pano likuwala pakhonde, ndipo aneba ena afunsa kale ngati pakhomopo atsegula bala.

Matendawa anayamba ndi kamera ya Pentax K1000 yomwe mkuluyu anaitola pamulu wa katundu wakale pamsika, pakati pa nsimbi yakufa ndi nsapato yopanda inzake. Kamerayi inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, ndi yachitsulo, yolemera, ndipo imajambula ngakhale popanda batire, poti kabatire kake kamangothandiza kuyeza kuwala. Mlamu wake wa ku Johannesburg, munthu wosafunsa zambiri, anamubweretsera mafilimu a Ilford HP5 Plus, opangidwa ku Mobberley m'dziko la England, aja otulutsa zithunzi zakuda ndi zoyera. Mkuluyu anajambula ana, mbuzi ya aneba, minibasi, ndi apongozi ake akupepeta mpunga. Atapita nayo filimuyo kusitudiyo ina m'tauni, mnyamata wa pakauntala anaitembenuzatembenuza, kufunafuna polowetsa waya. Apa ndi pamene zinadziwika kuti filimuyo itsukidwira kunyumba.

Zomwe zimachitika m'kati mwa filimu si zamatsenga, ngakhale mkuluyu amakonda kuzifotokoza motsitsa mawu kuti ana amuope. Pakapulasitiki kaja pamakhala popaka gelatin, yomwe imachokera ku mafupa ndi zikopa za nyama, ndipo m'menemo muli timibulu tating'ono kwambiri ta mchere wa siliva. Ndiye kuti zaka zonsezi mkuluyu wakhala akudya mang'ina osadziwa kuti akutafuna achibale a filimu. Kuwala kukagunda timibuluto timasintha, koma maso sangaone kanthu. Mankhwala oyamba, otchedwa developer, amasandutsa timibulu togundidwato kukhala siliva wakuda. Achiwiri, stop bath, amaimitsa ntchitoyo. Achitatu, fixer, amasungunula timibulu tomwe kuwala sikunatikhudze, kuti filimu isadzadenso ikaona dzuwa. Basi, nkhani yonse ndi imeneyi, ndipo mwana wa Sitandade 8 angaikwanitse.

Chovuta ndi nyumba.

Katundu wofunika ndi wochepa: kathanki kakuda ka Paterson komwe madzi amalowa koma kuwala osalowa, reel yoyera yokulungapo filimu, majagi atatu okhala ndi mizere ya mamililita, choyezera kutentha, sizasi, chotsegulira mabotolo ndi zopanira zovala ziwiri. Chotsegulira mabotolo chokha ndicho mkuluyu anali nacho kale, ndipo ntchito yake anaidziwa bwino kuyambira unyamata. Majagi ayenera kukhala akeake, olembedwa, osabwereranso kukhitchini. Lamulo limeneli mayi a kunyumba analivomera mwachangu, nawonjezera lawo loti chilichonse cha m'khitchini mwawo chikalowa m'bafa, mwini ntchito agule china.

Mdima umafunika pa ntchito imodzi yokha, yochotsa filimu m'kachitini, kuikulunga pa reel ndi kuitsekera m'thanki. Zotsalazo zimachitika nyali ikuyaka. Pali chithumba chakuda chokhala ndi mikono iwiri chomwe anthu amagula, n'kumagwira ntchitoyi atakhala pabalaza masanasana, koma mlamu uja anachiiwala. Choncho mkuluyu anasankha bafa, usiku, atakhoma bulangete pazenera ndi kutseka mpata wa pansi pa chitseko ndi thaulo. Wina angaganize kuti m'dera lomwe magetsi amazimazima mdima ndi waulere. Ayi ndithu. Munthu akakhala m'bafamo mphindi zisanu maso n'kuzolowera, amapeza kuti malata ali ndi timabowo ta misomali, mwezi ukusuzumira, ndipo wotchi ya pamkono nayo ikuwala. Poyesera pake ndi apa: ngati ukuona dzanja lako, filimu nayo ikuliona. Ndipo magetsi aja, omwe amasowa tsiku lonse, amadziwa kubwera pamene filimu ili pamtunda, ngati munthu sanazimitse switchi.

Ndiyeno pamabwera reel. Filimu ya zithunzi 36 ndi yaitali kupitirira mita imodzi ndi theka, yoterera, yokonda kudzipinda. Umatsegula kachitini, kudula kalilime kakutsogolo kuti kawongoke, kulowetsa nsongayo pakati pa timano tiwiri ta reel, n'kumapotokola mbali ziwirizo kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo timipira tiwiri tachitsulo timakoka filimuyo kulowa nayo m'kati. Pofotokoza zimamveka bwino. Pochita zili ngati kulowetsa ulusi pasingano utatsinzina, thukuta lili kamukamu, wina akugogoda. Reel ya pulasitiki imadana ndi chinyezi, moti kadontho kamodzi kokha kamachititsa filimu kukakamira pakati panjira, osapita kutsogolo, osabwerera. Tsono manja a munthu wamantha, m'bafa lotsekedwa ndi bulangete, m'mwezi wa Okutobala, ndi kasupe.

"Adadi, mukutani mumdima?"

"Ndikugwira ntchito. Usatsegule!"

"Amayi akuti mukulankhula ndi ndani?"

Mkuluyu ankalankhula ndi reel, ndipo mawu ake sangalembedwe m'nyuzipepala yowerenga banja lonse. Odziwa ntchitoyi amalangiza kuti munthu apereke filimu imodzi ngati nsembe, aziyeserera nayo poyera mpaka zala ziloweze, kenako atatsinzina, asanakhudze filimu yomwe ili ndi zithunzi za ukwati wa munthu. Malangizowa ndi abwino kwambiri, ndipo mkuluyu tsopano amawapereka kwa ena ndi nkhope ya munthu amene anawatsatira.

Chivindikiro chikatsekeka, nyali iyake. Apa mdani amasintha, amakhala kutentha kwa madzi. Nthawi zolembedwa pamapepala a mafilimu ngati amenewa kawirikawiri zimawerengera madigiri 20. Ilford imati HP5 Plus ikhale mphindi 7 ndi theka mu developer yawo ya ID-11 yosasungunula, kapena mphindi 13 ngati wasakaniza theka mankhwala, theka madzi. Thanki ya Paterson imafuna mamililita 290 pa filimu imodzi ya 35mm, ndipo nambalayi inalembedwa kunsi kwa thankiyo, malo amene mkuluyu anawaona atafunsa kale anthu ambiri. Ku England madigiri 20 amawapeza pothira madzi otentha pang'ono. Kuno m'chilimwe madzi a pampopi amatuluka ofunda kale, ndipo mankhwala akafunda amathamanga. Pa madigiri 24, mphindi 13 zija zimatsika kufika pafupifupi 9. Kutentha kukapitirira, nthawi imafupika mpaka pansi pa mphindi zisanu, pamene filimu imayamba kupsa mbali ina, mbali ina isanapse.

Njira zilipo ziwiri. Ina ndi kuviika jagi ya mankhwala m'beseni la madzi oundana a m'firiji, ngati firijiyo yaona magetsi. Ina ndi mtsuko wa agogo womwe unali kuseri kwa chitseko, umene umaziziritsa madzi popanda kulipira aliyense. Mkuluyu, yemwe m'moyo wake wonse sanayezepo ngakhale mchere wa m'ndiwo, anapezeka atagwada pamtsuko ndi choyezera kutentha, akunong'ona manambala. Mayi a kunyumba anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Bambo a ana, mwana uja atatentha thupi munati choyezera n'chodula."

Funsoli linalibe yankho la sayansi.

Mphindi 13 zimenezi si zopumula. Ukathira developer, umatembenuza thanki chadodolido kanayi m'masekondi khumi oyambirira a mphindi iliyonse, kenako kuigogoda pansi kuti thovu lichoke pafilimu, chifukwa thovu likakakamira limasiya timadontho pachithunzi. Kutembenuza kwake n'kofatsa. Ukachita mwaukali zithunzi zimatuluka zokhakhala, zakuda zili bii, zoyera zili mbee, pakati palibe. Munthu wamkulu, wandevu, amakhala pamphepete pa bafa atagwira kathanki kakuda, maso ali pawotchi, ndipo aliyense womulankhula amayankhidwa ndi chala chimodzi chokwezedwa m'mwamba. Pakhomo pomwe bafa ndi chimbudzi zili m'chipinda chimodzi, chala chimenechi sichikhala ndi abwenzi.

Nthawi ikakwana umakhuthula, n'kuthira stop bath kwa masekondi owerengeka. Ndi asidi wofatsa, moti ena amangogwiritsa viniga woyera wosungunula kwambiri, ena madzi okha. Kenako fixer, gawo limodzi mankhwala, magawo anayi madzi, mphindi ziwiri mpaka zisanu. Mankhwala amenewa ali ndi mbiri yaitali kuposa kamera ya mkuluyu. John Herschel, wasayansi wa ku England, anapeza mu 1819 kuti mchere wotchedwa hypo umasungunula mchere wa siliva, ndipo mu 1839, kujambula kutangoyamba, anauza anzake kuti ndiwo mankhwala oletsa zithunzi kuda. Fixer satayidwa ukagwiritsa kamodzi, amabwerera m'botolo. Pofuna kudziwa ngati akadali ndi mphamvu, umaponyamo kalilime kaja unadula, n'kuona nthawi yomwe katenge kuti kayere mbee, ndipo filimu yeniyeniyo ikhalemo nthawi imeneyo kawiri. Akatha mphamvu sathiridwa m'ngalande kapena m'dimba, chifukwa amakhala atadzaza siliva. Mkuluyu atamva za siliva anasunga botololo pansi pa bedi, ndipo analitchulapo kale pokambirana za lendi.

Pakutsuka ndi pamene Ilford inaganizira anthu a mpopi wouma. M'malo mosiya madzi akuyenda, umadzaza thanki, kuitembenuza kasanu, kutaya. Kudzazanso, kutembenuza kakhumi, kutaya. Kudzazanso, kutembenuza ka 20, kutaya. Chidebe chimodzi chimakwana n'kutsalako. Pomaliza umathira kadontho ka mankhwala oletsa madzi kusiya mawanga, monga Photo-Flo wa Kodak.

Pali zinanso zomwe mkuluyu wawerenga ndipo amazitchula pamaliro ndi pamaukwati popanda womufunsa. Developer ya Rodinal, yomwe Momme Andresen anapanga ku Germany mu 1891, ikugulitsidwabe mpaka lero, ndipo ukaisungunula gawo limodzi m'magawo 100 a madzi ungathe kuisiya filimu ola lathunthu osaigwedeza kwenikweni, njira yomwe ikugwirizana ndi chikhalidwe chake. D-76 ya Kodak, mbale wake wa ID-11, inatuluka mu 1927. Ndipo mu 1995 kalasi ya Scott Williams ku Rochester Institute of Technology ku America inaonetsa kuti khofi nayenso amatsuka filimu. Lero anthu amasakaniza khofi wa m'chitini, soda wochapira ndi vitamini C, n'kumatcha caffenol. Fungo lake ndi lothamangitsa alendo. Nkhaniyi itafika m'makutu mwa mayi a kunyumba, chitini cha khofi chinasamukira m'kabati ya loko, ndipo kiyi wake amagona kumpango.

Kutsegula thanki ndiye malipiro ake. Filimu imatuluka yonyowa, yonyezimira, ndipo ukaiyang'anitsa kunyali timafelemu tonse tili ndondondo, dziko litatembenuka: thambo lakuda, mbuzi yakuda yasanduka yoyera, mano a mwana ali bii. Mkuluyu anaitana nyumba yonse ndi mawu a munthu amene wapambana chisankho. Ana anayang'ana apongozi aja, tsitsi la imvi lili lakuda, nkhope ili mbuu, ndipo wamng'ono anathawira kuchipinda.

Kuyanika kumafuna malo opanda fumbi, chinthu chosowa m'miyezi ya mphepo. Malo abwino ndi m'bafa momwemo, munthu atangosamba madzi otentha, poti nthunzi imagwetsa fumbi. Chopanira chimodzi kumwamba, china kunsi kuti filimu iwongoke, chitseko chitsekedwe maola angapo. Filimu yonyowa ndi yofewa, chikhadabo chimodzi chimasiya mzere womwe sudzachokanso. Banja linasamba kuseri kwa nyumba tsiku limenelo, ndipo za zimenezi zokambirana zikupitirira.

Chomwe palibe anamuuza mkuluyu n'chakuti pamapeto pa zonsezi chithunzi sichinapezeke. Chomwe chilipo ndi negativu. Kuti chifike papepala pamafunika makina okulitsira otchedwa enlarger, mapepala ake, mbale zitatu, ndi babu lofiira lija lili pakhonde. Makinawo alibe, ndipo mlamu wasiya kuyankha mauthenga. Choncho anadula filimuyo m'zidutswa za mafelemu asanu ndi limodzi, n'kuika chidutswa pazenera, kuchijambula ndi foni, n'kutembenuza zakuda ndi zoyera pa pulogalamu ya m'foni momwemo, foni yomwe ikanajambula apongoziwo m'sekondi imodzi. Chithunzicho anachitumiza pa WhatsApp kumudzi. Yankho linabwera madzulo kudzera kwa mdzukulu wina: agogo athokoza, koma akufunsa ngati akamwini zinthu zavuta kuntchito, poti chitenje chawo chinali chamaluwa ofiira, ndipo ngati ndalama ya mitundu inaperewera anene, agulitsa nkhuku.