Munalanda mwanapiye make, lero mukugula m'thumba

Adzukulu anga, khalani pansi, mafoni anuwo agone kaye chafufumimba, pakuti zandifika m'khutu zoti nkhuku zanu zoyerazi masiku ano mumazithirira kaufa ka dzina lachilendo, ati prebiotic, kokonza m'mimba. Ha! Kukalamba n'kuona zambiri. Nkhuku yomwe ija ife tinkaiwazira gaga pabwalo n'kupita kumunda, lero m'mimba mwake mukuchita kunyengerera ngati mlendo wa kwa apongozi.

Kalelo thadzi linkakhalira mazira masiku 21, likagogomola n'kutsika ndi ana ake, kumapalasa nawo kudzala, kuseri kwa nkhokwe, kulikonse kumene kuli chiswe. Anapiyewo ankajompha chilichonse chimene make wajompha, ngakhale zitosi za make zomwe. Mukukwinya nkhope, ndikukuonani, komatu mankhwala anali mmenemo. Tizilombo tabwino ta m'matumbo mwa thadzi tinkalowa mwa mwana, n'kukamanga mudzi m'timatumba tiwiri tija ta kumapeto kwa matumbo, timene mumataya potumbula nkhuku osatiyang'ana n'komwe, ndipo toipa tikabwera tinkapeza malo atatha.

Musati ndi nthano za kumphala. Ku Finland, m'chaka cha 1973, akatswiri awiri, Nurmi ndi Rantala, anamwetsa anapiye ongoswedwa kumene za m'matumbo a nkhuku zazikulu, napeza kuti tizilombo toipa totchedwa Salmonella tikulephera kukhazikika mwa iwo. Anthu ophunzira anachita kuvala makhoti oyera kuti aone zimene thadzi la agogo anu aakazi linkachita osalipidwa. Paja mawu a akulu akoma akagonera.

Nanga inu? Anapiye anu amaswedwa ndi makina, amafika m'katoni, make ndi babu lamagetsi kapena mbaula, ndipo pakatha masabata 6 mukufuna akhale atalowa kale mumphika. Kuthamanga sikufika, ana inu. Anzanu a kutsidya kwa nyanja, pofuna liwiro lomwelo, ankathira maantibayotiki m'chakudya tsiku ndi tsiku, nkhuku isakudwala, mpaka tizilombo tinayamba kuwazolowera mankhwalawo, ena mwa iwo ofanana ndi amene amachiza anthu kuchipatala. Dziko la Sweden linaletsa khalidweli mu 1986, mayiko a European Union natsatira mu 2006. Apo mpamene akatswiri anayamba kufufuza mwakhama chimene chingalowe m'malo.

Tsono kaufa kanuko, poti ndinafunsa, safunsa anadya phula, sikapha kanthu, ndiponso si tizilombo ayi. Ndi chakudya chimene nkhuku payokha singagaye. Chimadutsa chithokomiro, chimadutsa nthutumba, n'kukafika chathunthu kwa tizilombo tabwino tija kuti tidye tichuluke. Kena amakatcha inulin, kochokera ku mizu ya chomera chotchedwa chicory. Kena amati MOS, kochokera ku makoko a yisiti, yemwe uja wotupitsa buledi ndi kuwiritsa mowa. Tizilomboto tikakhuta timatulutsa asidi amene amalimbitsa khoma la matumbo, n'kuwawasitsa malowo kuti toipa tisakondwe. MOS uja ngwochenjera kuposa: tizilombo tina toipa ta Salmonella ndi E. coli timamukakamira iye m'malo mokakamira matumbo, n'kutulukira limodzi ndi zitosi. Nzeru zilipo, sindikana. Koma taonani ulendo wake kutalika: kulanda mwana make, kumutsekera m'khola, kenako kukwera minibasi kukagula ndi ndalama zimene bwalo linkapereka ulere!

Ndipo chimene chimandiusitsa moyo n'chakuti mwaika chikhulupiriro chonse m'thumbamo. Khola lanu ndinalowamo ine. Utuchi wonyowa, fungo lobaya m'maso, zomwera zoterera ndi ndere, nkhuku zopanikizana kusowa potambasulira phiko, koma kunja zonenepa bwino: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kaufako sikaletsa chitopa, sikaletsa gumboro. Zimenezo ndi za katemera, pa tsiku lake, osati tsiku limene mwakumbukira. Mukaona zitosi zamagazi, thamangirani alangizi a ziweto, musafunse foni. Sinthani utuchiwo, tsukani zomwerazo m'mawa uliwonse, ndipo mukatero kaufako kadzapeza pogwira.

Pa Khirisimasi mukamabwera, musanditengere zoyera zanuzo, za mafupa ofewa oti mwana wa chaka n'kutafuna. Mano anga atsala anayi, komabe ndikufuna tambala wachikuda, amene anakula akuthawa kabawi.