Mawu Otamanda Gogo Chitedze, Mlonda wa Mapiri a Machinga

Pakati pa zolengedwa zonse zimene Namalenga anaika m'maboma a Machinga ndi Balaka, njovu za ku Liwonde zili nawo ozijambula, milambe ya ku Ulongwe ili nayo oikhalira pamthunzi, ngakhale mbewa yapampani m'mbali mwa msewu ili nawo oilemekeza ndi ndalama. Koma alipo mkulu mmodzi wokhala m'makwawa ndi m'tsinde mwa mapiri, amene watumikira dziko mokhulupirika chiyambire makolo athu, wosalandira malipiro, wosapempha tchuthi, amene mphotho yake yakhala matemberero okhaokha. Ndikunena Gogo Chitedze, ndipo ndapempha bwalo lero kuti ndiwawombere m'manja, popeza n'chosayenera kuti wantchito wotere akalambe wopanda womunenera zabwino.

Gogowa ndi a fuko la nyemba, ndipo akatswiri a zomera amawatchula kuti Mucuna pruriens. M'dzinja amayanga mwakachetechete pamitengo ndi pazitsamba, masamba atatuatatu, maluwa ofiirira, osaputa munthu. Koma anthu akakolola, udzu ukauma, mphepo ya mwera ikayamba kuwomba mu Juni ndi Julayi, pamenepo zitheba zawo zimavala ubweya wonyezimira umene uli chida chawo chonse. Ubweyawo ukalowa pakhungu umasiyamo mankhwala amene ophunzira anawatcha mucunain, ndipo wolandira mphatsoyi akayamba kukanda, amangoukhomerera mkati ndi kuufalitsa ndi zala zake zomwe, kotero kuti Gogo, monga mfumu yodziwa kulamula, amasiya wolakwayo adzilange yekha. Dzina lawo lili pachipata cha malo aakulu ofufuzira zaulimi kufupi ndi Lilongwe, ulemu umene mlombwa, ndi kutchuka kwake konse, sunaulandire.

Kuti ukulu wawo uoneke bwino, tiyenera kuyamba tanena za alendo awo olemekezeka, ndiwo ana athu a ku Joni. Kuyambira masiku a Wenela, amene Ngwazi inawatseka m'chaka cha 1974 ndege itagwa ndi anthu athu ku Francistown, kufikira lero pamene mabasi amadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Zobue kudzatulukira pa Mwanza, amuna a kwa Kawinga, kwa Liwonde, kwa Nsamala ndi kwa Kalembo sanaleke kuyang'ana kumwera. Akale ankapita okha nabwera ndi njinga, bulangete ndi chifuwa. Amakono ena amatenga akazi, nabereka ana ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, ndipo pobwera amatenga miyambo iwiri imene agogo awo sanaidziwe. Woyamba ndi wokumbukira tsiku lobadwa la mwana ndi keke ndi makandulo. Wachiwiri ndi wokwera phiri popanda chokatenga. Makolo athu ankakwera Chikala, Chaone, Mongolowe ndi Chinduzi kukafuna nkhuni, nsungwi, bowa ndi uchi, kapena kukabisala nkhondo, monga momwe Kawinga anamangira linga lake pa Chikala mpaka asilikali a Harry Johnston analigwetsa m'chaka cha 1895. Koma ana awo amakwera kuti akafika pamwamba ajambulitse, adye keke, atsike.

Tsono taonani nzeru ya Mlengi, kuti masukulu a ku Joni amatsekera nyengo yozizira m'masabata omwewo amene Gogo amakhala atakhwima! Banja lafika pamudzi, mwana akwanitsa zaka zake mawa, ndipo bambo, atavala kabudula, nsapato zoyera ndi magalasi akuda, alengeza kuti phwando likachitikira paphiri. Agogo aakazi, ali chikhalire pamphasa, ati, “Mwanangu, njira ya kukhwawa ija musadzereko, chaka chino kwachita chitedze, tengani mnyamata wa abusa akutsogolereni.” Koma iye amene anakwera Table Mountain angaphunzitsidwe njira ndi wolisha mbuzi? Safunsa anadya phula, anatero akuluakulu, ndipo phula la tsiku limenelo limadikira pamalo pamene njira ipanikizana ndi zitsamba.

Ubwino woyamba wa Gogo Chitedze ndi chilungamo. Pazipata za m'njira wapaulendo amafunsidwa mapepala, ndipo pamudzi wobwera ndi marandi amapatsidwa mpando pamene mbale wake wosayenda akhala pansi. Koma Gogo safunsa pasipoti, sawerenga chikwama, salandira chiphuphu, ndipo mayi wotola nkhuni ndi bwana wagalimoto amawayeza ndi muyeso umodzi, kupatula kuti mayi uja anaphunzira kale kupatuka mwaulemu. Ndani mwa oweruza a dziko lino angaimirire nanena kuti sanayang'anepo nkhope?

Ubwino wachiwiri ndi uphunzitsi. Mwana uja, amene chifikire wakhala akuyankha agogo ake m'Chingerezi ndi Chizulu, amene makolo ake anamunyengerera ndi maswiti kuti anene “zikomo” koma osatheka, ubweya ukangomufika m'khosi amafuula “Mayo ine!” momveka bwino kotero kuti mizimu ya makolo ake imamuzindikira kuti ndi wawo. Bambo naye, amene anaiwala kuti anavinidwa, amayamba manganje popanda ng'oma, mapewa kugwedezeka, miyendo kupondaponda, manja kumbuyo ndi kutsogolo, mpaka anyani a pathanthwe amaleka kudya kuti aonerere. Zimene sukulu zodula zinalephera m'zaka zambiri, mphunzitsi uyu amazitsiriza keke isanadulidwe.

Ubwino wachitatu ndi wobwezera ulemu kwa eni ake. Banja limene linakwera monyada limatsika mothamanga, zovala za m'masitolo akuluakulu zitavulidwa ndi kunyamulidwa pansonga ya ndodo, ndipo limakagwada pamaso pa mayi wokalamba uja amene mawu ake linawapeputsa m'mawa. Iye saseka, pakuti ndi wolera. Amapala phulusa pamafuwa, natikita mdzukulu wake pang'onopang'ono, namufunditsa chitenje chake chakale, pamene mwana wake wamwamuna wakhala kuseri kwa nkhokwe akudzipala ndi phale monga Yobu m'masiku a mayesero ake. Alongo, atsibweni ndi alamu, amene dzulo ankaopa kuyandikira alendo onunkhira sopo wachilendo, lero onse atambasula manja kukanda misana, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe munthu, ngakhale wolemera chotani, amene amafikira pakati pa msana wake. Mawu a akulu amakoma akagonera. Koma Gogo Chitedze, posafuna kuchedwetsa chilungamo, amawakometsa dzuwa lisanapendeke.

Nanga tinene chiyani za mphatso? Kagalimoto koseweretsa kamathyoka pasanathe mwezi, keke imaiwalika mawa lake, chithunzi chimatayika foni ikabedwa. Koma mwana amene analandira moni wa Gogo pa tsiku lake lobadwa adzaukumbukira ali nkhalamba, ndipo anzake a ku Joni akadzamufunsa za kwawo, sadzasowa chonena, pakuti dziko limene linakuyabwapo silichoka m'mutu.

Ndikudziwa kuti alipo otsutsa, amene adzati ndikutamanda wankhanza. Ndiwafunse: kodi Gogo anaphapo yani? Ng'ona ya mu Shire, kumunsi kwa mlatho wa Liwonde, imatenga munthu wathunthu. Udzudzu wa ku Chilwa umamwa magazi nusiya malungo. Koma Gogo samwa dontho, sathyola fupa, ndipo pakapita maola ochepa amamasula wamlandu wake ali wamoyo ndi wanzeru kuposa kale. Komanso banja lawo si la anthu wamba. Mng'ono wawo kalongonda, amene alibe ubweya woyabwa, amabwezera chonde m'minda yoguga, ndipo wapulumutsa mabanja m'zaka za njala, ngakhale kuti naye amafuna ulemu wake, woti aphikidwe nthawi yaitali ndi kutayidwa madzi kangapo, apo ayi amazunguza mutu. Ndipo m'njere za fuko limeneli muli mankhwala a L-dopa, amene madokotala amapatsa odwala nthenda yonjenjemera ya Parkinson. Otsutsawo adzatinso Gogo alephera kuletsa ootcha makala, amene matumba awo andanda m'mbali mwa msewu wa Zomba ndi Liwonde. N'zoona, koma mlonda amene amubwerera ndi moto ndi nkhwangwa, popanda mmodzi womuthandiza, tingamuimbe mlandu wanji ife amene timagula makalawo?

Chifukwa chake ndikupempha mafumu a maboma awiriwa, amene anali boma limodzi mpaka Balaka inaima payokha m'chaka cha 1998, kuti pa nkhani iyi agwirizanenso, awerenge Gogo Chitedze pakati pa nduna zawo, nalamule kuti aliyense wobwera kuchokera kutali apereke mtulo wake asanakwere phiri, ndiwo buluku lalitali, malaya ofika m'mikono, khutu lomvera amayi ake, ndi kangachepe kwa mnyamata wolisha mbuzi wodziwa njira. Ndipo ngati alipo wophunzira amene akuona kuti ndakometsera zosayenera kukometsa, sinditsutsana naye pano papepala. Apite yekha m'tsinde mwa Chaone mwezi wa Julayi, atavala kabudula, akanene madandaulo ake pamaso pa eni ake.